Keris Pampando wa Mkwati

Kluang, Johor
3 Juni 1984

Achemwali anga a Wagirah,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Amayi bondo lija likuwavutabe? Kusala kwayamba, musawalole kukakamira tsiku lonse ndi matenda awo aja. Ine kuno ndili bwino, kungoti manja atha ndi minga ya kanjedza. M'kalatamu ndaikamo kandalama kangachepe kogulira mankhwala a amayi.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Musayambe kukalipa musanamalize kuwerenga, ndimakudziwani. Pa 16 Seputembala, tsiku limene akuluakulu anawerengera kuti ndi labwino pa ukwati wanga ndi Lasmini, sinditha kubwera. Bwana wa esiteti wakana. Akuti nthawi imeneyo zipatso zimachuluka, ndipo wochoka achokeretu. Ziphaso zathu amasunga iyeyo m'kabati mwake. Ndamupempha katatu, kachitatuko anandifunsa ngati ku Java akazi akutha moti sindingadikire chaka chamawa.

Kusuntha tsiku sikungathandize. Mwezi umenewo ukangotha kukubwera mwezi wopatulika wa Suro, ndipo palibe amene amakwatitsa mwana pa Suro. Ukatha Suro ine ndikhalabe womangika kuno. Lasmini wandidikira zaka zitatu, sindikufuna kumuonjezera chachinayi.

Ndiye ndaganiza motere. Amalume a Kasdi akandiyankhulire mawu a ukwati pamaso pa shehe, zimenezo chipembedzo chimalola. Pampando wa mkwati pakakhale keris ya malemu bambo, mpeni wa banja lathu uja. Si zachilendo, makolo ankachita. Keris ya munthu ndi munthuyo. Bambo anasiyira ine mwana wamwamuna, ndiye ikakhala pampandopo ndiye kuti ndakhalapo ine, ndi bambo omwe. Ulemu woposa pamenepa ine sindikuuona.

Chimodzi chokha ndikupempha. Ikhale yokulunga m'nsalu yoyera ija monga ndinaisiyira. Mukukumbuka loto ndinalota ndisananyamuke lija, bambo akundiuza kuti munthu asaisolole m'chimake mpaka ine nditabwera. Tsiku la ukwati muchotse nsalu, muiveke maluwa, koma osasolola.

Mukawafotokozere bwino a Mangun, bambo ake a Lasmini. Inu pakamwa mumatha. Mundiyankhe msanga, ndipo mundiuze ngati mbuzi ija inabereka.

Ndine mlongo wanu,
Darmaji


Sendangsari, Wonogiri
20 Juni 1984

Iwe Darmaji,

Tili bwino. Amayi bondo likadali lomwelo, mankhwala tagula, athokoza. Mbuzi yabereka awiri. Moni wathera pomwepa, tsopano tchera khutu.

Kodi dzuwa la ku Malaysia lakuwotcha bongo? Kalata yako ndinaiwerenga ndili pabwalo kuyanika chinangwa, ndipo ndinachita kukhala pansi. Iwe, mwana wa a Sarkam olima chinangwa paphiri la miyala, ukufuna kukwatira potumiza chitsulo? Ukuti makolo ankachita. Makolo a ndani? Ankachita zimenezo ndi mabwana a kunyumba ya mfumu ku Solo, akasirira mtsikana wa kumudzi koma n'kumaona kuti kukhala naye mpando umodzi n'kudzidetsa. Iwe ubwana unaupeza liti? Pokolola kanjedza wa eni akepo?

Ndipo pa mabanja onse a m'boma la Wonogiri, wasankha kukachita zimenezi kwa a Mangun. Mwina unali mwana, sunamve. Amayi awo a a Mangun anakwatiwa chomwecho nthawi ya Adatchi, ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Kunabwera anthu anayi atanyamula keris pamtsamiro, ataifunditsa ambulera. Mtsikana anamukhazika pambali pake tsiku lonse, anthu akudya ndi kuvina. Patangotha chaka anamubweza pangolo ali ndi khanda m'manja. Khandalo ndi a Mangun. Bambo awo sanawaonepo nkhope mpaka lero. Ndiye iwe ukuti ndipite ndi pakamwa panga pothapa ndikawauze kuti mwana wawonso akakhale pambali pa chitsulo.

Ndinapita. Ndikanatani, poti amayi anangomva kuti keris ya bambo n'kuyamba kugwetsa misozi yachimwemwe? Akuti bambo akakhala nawo pa ukwati wa mwana wawo. Ukudziwa kuti Lachinayi lililonse madzulo amaifukizira lubani pamwamba pa kabati paja, n'kumaiuza za pakhomo pano, za kukwera kwa feteleza, ndi zoti ine ndine wamwano.

A Mangun ndinawapeza pakhonde akusema chimake cha keris ya munthu wina wa ku Pacitan. Ndinayankhula ngati wodwala dzino. Iwo sanasiye kusema. Nditamaliza anauzira utuchi, n'kunena kuti, "Mwana wa Sarkam akuti atumiza keris."

Ndinati, "Eya, bambo."

"Iyeyo miyendo ali nayo?"

Ndinati, "Ali nayo, bambo."

Kenaka anapitiriza kusema. Ngakhale tiyi woti ndibisirepo nkhope panalibe, poti n'kusala. Ndinangowerama n'kumawerenga nyerere.

Wakupulumutsa ndi Lasmini. Anatuluka m'nyumba, anagwada, n'kunena kuti, "Bambo, zaka zitatu zandikwana. Ngati ndi keris ya a Sarkam, ndikhala nayo." A Mangun anamuyang'ana nthawi yaitali. Pomaliza anati, "Ya Sarkam ndimaidziwa. Ndinkaitsuka ndine pa Suro iye ali moyo. Yokhota kasanu ndi kawiri, maanga ake ngati mpunga wotayika pamphasa. Chitsulo chimenecho sichinanamizepo munthu. Koma chimake chake n'chong'aluka pakamwa, sichikhala pambali pa mwana wanga chikuoneka choncho. Muibweretse ndiisemere chatsopano. Ikhala mphatso yanga kwa mkamwini."

Waona? Iwe wawatukwana, iwo akukupatsa mphatso. Ndikanakhala ine ndikanakutumizira mpini wa khasu kuti ukwatire umenewo. Za loto lako ndawakumbutsa. Anaseka pang'ono, akuti Sarkam sangakanize manja amene anamutsukira keris zaka makumi awiri. Ndiwapititsira kusala kukatha, amayi akalola kulekana nayo.

Uwalembere kalata yothokoza, ndipo ulembe ngati munthu, osati ngati bwana.

Ndine mlongo wako amene wamuchititsa manyazi,
Wagirah


Kluang, Johor
5 Julayi 1984

Achemwali,

Moni wa Idi kwa nonse. Mundikhululukire zolakwa zanga zonse, zooneka ndi zobisika.

Koma keris musaipititse kwa a Mangun. Ndikubwereza, musaipititse. Ine ndinanena kuti isasololedwe, inu mwakavomera kuti akaisolole n'kumaiyeza pakhonde anthu akudutsa. Kodi mawu anga m'nyumba imeneyo ndi a galu? Keris bambo anasiyira ine, osati inu. Chimake chong'alukacho ndi chimene bambo ankavala kumsana kwawo, ndipo chikhale chomwecho. Mukawauze a Mangun kuti ndathokoza kwambiri, mphatsoyo adzandipatse m'manja ndikadzabwera. Loto la munthu wakufa si loseka nalo. Zikadzachitika zina musadzati sindinanene.

Za amayi awo sindinkadziwa, ndipo zandikhudza. Koma inu kunditchula bwana mwandilakwira. Bwana wake uti wogona m'chisakasa anthu asanu ndi atatu, wodya mpunga ndi kansomba kouma tsiku ndi tsiku, wotukwanidwa ndi kapitawo wochepa msinkhu kwa iye? Inu muli kwanu, mumadzuka n'kuona amayi. Kunyoza munthu amene ali kutali n'kosavuta.

Mukalandira kalata ino mundiyankhe tsiku lomwelo kuti keris ili pamalo pake pamwamba pa kabati, nsalu yake yosamasula. Mtima wanga suli m'malo.

Darmaji


Sendangsari, Wonogiri
22 Julayi 1984

Darmaji,

Moni ndilibe. Kalata yako yafika dzulo. Keris ndinapititsa Lachitatu, ndiye yachedwa ndi masiku atatu. Tsopano ndadziwa chifukwa chimene mtima wako sunali m'malo.

Ndinainyamula pachifuwa ndi manja awiri, yokulunga monga unasiyira. Ndikutsika kamtunda ka kumzikiti ndinamva gwedegwede. Ndinati ndi zibangili zanga, ndinazivula n'kuika m'thumba. Ndikuyendanso, gwedegwede yemweyo. Ine wopusa ndinangoti kaya, ndi ukalamba wa mtengo.

A Mangun anasamba m'manja, anavala chipewa chawo, anakhala pamphasa. Anamasula nsalu pang'onopang'ono, n'kuikweza pamphumi. Ndinawamva akuti, "Pepa Sarkam, ndine Mangun, ndikusokoneze pang'ono." Poitsitsa inalira gwede. Iwo anaima. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wagirah, keris sigwedera m'nyumba mwake. Chimake chilichonse timasemera chitsulo chimodzi chokha." Ndiye anasolola.

Darmaji, ine za keris sindidziwa, koma ngakhale ine ndinaona. Kachitsulo kopyapyala, kotuwa, maanga ake ochita kujambula pamwamba. Pakamwa pa chimake panagwa kanyuzipepala kopindapinda kamene unatsekera kuti kasagwedere, kanauma n'kunyala. A Mangun anakatambasula. Ndi ka mwezi umene unanyamuka.

Anachitembenuza chinthucho uku ndi uku. Anati, "Ichi n'chodula ku mgolo wa mafuta. Ku Solo amagulitsa zotere kwa azungu oona malo, pamodzi ndi zipewa. Sichingadule ngakhale papaya wakupsa." Sanakweze mawu. Ine ndikanakonda akanandimenya nacho.

Nditatembenuka ndinaona Lasmini ataima pakhomo ndi thireyi ya tiyi. Anaona zonse, anamva zonse. Anatula thireyi pansi bwinobwino, tiyi osatayika ngakhale dontho, n'kubwerera m'nyumba.

Ndiye ichi ndi chimene umafuna kuti mwana wa eni ake akhale nacho pampando, atavala, anthu a midzi itatu akuonerera. Unatiuza kuti keris ya munthu ndi munthuyo. Pamenepo pokha unanena zoona.

Ndipo loto lija! Unaima pakati pa nyumba ndi chikwama chako m'manja, maso ali pansi, n'kunamizira bambo ali m'manda. Zaka zitatu a Mangun akhala akufunsa pa Suro kuti keris ya Sarkam bwanji simukubweretsa kuti itsukidwe, ife n'kumawayankha kuti mwini wake analetsa kutulo. Zaka zitatu amayi akhala akuthyola maluwa ndi bondo lawo lija, kugula lubani m'malo mwa shuga, n'kumauza chidutswa cha mgolo zakukhosi kwawo. Ndikaganiza zimenezi mutu umandiwira. Ndiwe mwana wa mayi anga, koma sabata ino ndakuda.

Amayi sindinawauze. Ndawanamiza kuti chimake chikusemedwa, waona, wandiphunzitsa ntchito yako. A Mangun anangoti, "Za m'nyumba mwanu sindiuza munthu." Za ukwati sananene kanthu, ndipo ine ndinalibe nkhope yofunsira.

Keris ya bambo ili kuti? Uyankhe funso limeneli lokha. Za nsomba youma usandiuzenso.

Wagirah


Kluang, Johor
9 Ogasiti 1984

Achemwali,

Kalata yanu ndailandira. Ndaiwerenga kamodzi kokha, kawiri sindikanatha.

Mukufunsa kuti ili kuti. Ili ku Solo. Ndipo musanene kuti ndinagulitsa, keris sigulitsidwa, inunso mukudziwa. Ndinaikwatitsa. Mkulu wina wa pamsika wa zinthu zakale anaiona, anaikonda, anapereka malowolo mwaulemu wake, ndi maluwa omwe. Chogwirira ndi chimake ndinatsala nazo, ndinangoikamo china kuti amayi asaone kabati ili mbee.

Ndinalakwa, sindikukana. Koma nonse mwasanduka oyera lero? Chaka chija chinangwa chinaola m'munda, inu munali ndi pakati, alamu ntchito inali itatha. Munthu wotiolotsa nyanja sankalandira madalitso. Munkaganiza kuti ulendo ndinalipira ndi chiyani? Palibe anafunsa. Malata amene mukugonamowo, mankhwala a amayi, yunifolomu ya ana anu, zonsezo ndi keris ya bambo imeneyo. Munadya nawo mosafunsa, lero wakuba ndi ine ndekha.

Maganizo anga anali oti ndidzaiwombole pobwerera, ndiibwezere m'chimake, munthu osadziwa. Pa ukwati keris sasolola, imangokhala. Ndikanadziwa bwanji kuti a Mangun aganiza zosema chimake? Munthu ukafuna kubisa manyazi tsiku limodzi, ena n'kukupatsa mphatso yokuvula.

Kukhala chete kwa a Mangun ndakumva. Ndine mwamuna wa ku Java, sindifunika kuuzidwa. Mkwati salowa pabwalo la apongozi msana uli wopanda keris, ndipo ine amene ndawaonetsa yabodza sindingalowe ndi yobwereka. Chimene ndinachotsa ndiyenera kuchibweza ndi manja anga, pokhapo ndidzatha kuwayang'ana m'maso. Ndikonza ndekha. Inu mbali yanu mwachita, ndipo mwaichita mokwanira.

Mukamuuze Lasmini kuti asataye mtima. Amayi musawauze.

Darmaji


Sendangsari, Wonogiri
27 Ogasiti 1984

Darmaji,

Amayi ali bwino, ana ali bwino. Ndiye keris ya bambo inakwatiwa kale ku Solo, iwe ukadali mbeta. Zikomo potidziwitsa, tikanadziwa tikanapita kukavina. Za malata ndamva, ndipo zandilasa, chifukwa n'zoona kuti sindinafunse. Koma zimenezo tidzakangana ukadzabwera. Lero ndili ndi uthenga, uuwerenge kawiri.

Kukhala chete kwa a Mangun sunakumve, usadzinamize. Dzulo anandiitanitsa. Lasmini anali pomwepo. Iwo anamuuza kuti, "Mwana wanga, njira zilipo ziwiri. Nditha kuika kachikopa m'chimake, chinthucho chisiye kugwedera, tichiveke maluwa, palibe angadziwe. Kapena tiwauze anthu kuti ukwati kulibe. Sankha iwe, ine sindikukakamiza."

Lasmini anati, "Bambo, palibe angadziwe, nanga ine? Chitsulo sindikhala nacho, chabodza kapena chenicheni. Ndinavomera paja chifukwa chotopa, ndipo ndinalakwa." Kenaka anatembenukira kwa ine. Mawu ake ndi awa, sindikuonjezera. "Achemwali, mukawalembere. Ukwati ulipo pa 16. Mpando wawo ukhala wopanda kanthu. Abwere ndi miyendo yawo, chimanjamanja. Yovala kumsana bambo awabwereka, m'nyumba muno zadzaza. Za keris ya a Sarkam sindidzawafunsa, lero kapena mawa. Ndidikira mpaka swala ya masana itatha."

A Mangun anati, "Ukadzachita manyazi pamaso pa anthu?" Iye anati, "Abwera."

Wamva? Mwana ameneyu akukukhulupirira kuposa ine mlongo wako. Mpunga agula, oimba awauza, ophika awauza. Za ku Solo uiwale kaye. Bwana wakoyo musiyire chiphaso adye, ntchito ithe ngati ikutha, malata tili nawo kale. Kwera chilichonse choyandama ubwere kuno, molunjika, osakhotera kwina. Ukachedwa, dzina langa ulichotse pakamwa pako.

Wagirah


Solo
16 Seputembala 1984

Achemwali anga okondedwa,

Taonani pamwambapo pamene ndalembera. Ndili ku Java! Ndipo keris ya bambo ili pamiyendo panga pano ndikulemba.

Ku Kluang ndinathawa pa 1 Seputembala, chiphaso ndinamusiyira bwana. Kalata yanu yomaliza imene ndinalandira ndi yaukali ija ya Julayi, ngati munalemba ina iwerengedwa ndi makoswe. Ndinaoloka pa boti la asodzi, ndinasanza mpaka ndulu, kenaka basi masiku anayi kudutsa Sumatra. Kuno ndafika Lachiwiri.

Mkulu wa pamsika uja anamwalira. Mwana wake anandilozera kwa munthu wogulitsa nsalu, wa nsaluyo akuti inkamulotetsa zoipa, anaipereka kwa mlamu wake wozula mano. Wozula manoyo poyamba anandithamangitsa ngati wopemphetsa. Ndinakhala pakhonde pake masiku atatu, odwala akundilumpha. Lero m'mawa watuluka nayo. Anati ndinene maonekedwe ake asanasolole. Ndinanena zonse, mpaka kachipsera kamene kali pokhota pachitatu. Anati, "Tenga, yakhala ikufuna kwawo." Ndamupatsa zonse zimene ndinabwera nazo, ndi wotchi yomwe. Sindikudandaula.

Ndikudziwa kuti lero ndi pa 16. Dzulo ndinadutsa pokwerera basi, ya ku Wonogiri inali ikudzaza, kondakitala akuitana. Mwendo unafuna kukwera wokha. Koma ndikanatsika bwanji pamphambano chimanjamanja, ngati galu amene waba nyama? Ndinadziwa kuti munaimitsa zonse, a Mangun sangaphikitse mpunga zinthu zili chonchi. Tsiku lina akuluakulu adzawerengera, masiku satha.

Yachita dzimbiri pang'ono, wozula mano sankaisamala. Ndikuisiya kwa wotsuka wodziwa kuno, akuti madzi a kokonati ndi mandimu zimafuna sabata imodzi kuti maanga atuluke. Ndikufuna a Mangun akaisolola akaone mpunga wotayika uja. Ndikugona kwa mayi wogulitsa khofi kuseri kwa siteshoni, keyala ili kumbuyoku.

Mukawauze onse. Mukamuuze Lasmini kuti ndakonza. Ndipo inu achemwali, mawu aja munandinena mukonzekere kuwabweza.

Ndine mlongo wanu wokondwa,
Darmaji


Sendangsari, Wonogiri
20 Seputembala 1984

A Darmaji,

Ndine Lasmini. Ndikhulupirira muli bwino, kalata yanu ikuonetsa kuti muli bwino kwambiri. Achemwali anu abwera nayo lero. Anayamba kuiwerenga mokweza, atafika pa basi ya ku Wonogiri anandipatsa kuti ndimalize ndekha. Akuti iwo sakulemberani. Ndiye ndalemba ndine, kuti mudziwe mmene Lamulungu linayendera.

Anandidzutsa m'mamawa. Anandimeta tsitsi la pamphumi n'kundijambula monga amachitira ndi mkwatibwi. Anandiveka nsalu ya agogo anga. Oimba anayamba dzuwa litangotuluka. Pakhomo anaika dzira loti muponde, ndi beseni la madzi a maluwa loti ndikusambitseni phazi. Bambo anasankha keris yabwino koposa m'nyumba muno, anaiveka maluwa, anaiika pambali kudikira msana wanu. Pampando wanu sanaikepo kanthu, monga ndinanenera.

Basi zinayi zochokera ku Solo zinaima pamphambano. Iliyonse ikalira, amalume anu a Kasdi ankathamangira kumsewu atagwira nsalu m'chiuno, oimba n'kukweza nyimbo. Pa yachitatu anatsika munthu ndi mbuzi. Anthu ena anaseka, ena anawatontholetsa. Amayi anu ankangofunsa kuti keris ya amuna awo ili kuti. Bambo anawayankha kuti ikubwera ndi mwini wake.

Swala ya masana itatha ndinapempha kuti tidikire basi ina imodzi. Ndikuchita manyazi polemba zimenezi, koma ndinapempha. Itadutsa osaima, bambo anaimirira n'kuuza anthu kuti adye, poti chakudya n'chophika kale. Anadya. Ine ndinakavula ndekha.

Tsiku lonselo ndinkakuikirani kumbuyo mumtima mwanga. Ndinkati bwana wawatsekera, kapena apolisi awagwira, kapena boti lamira. Ndinalira chifukwa cha boti limenelo. Zikanakhala zimenezo ndikanadikira chaka chachinayi, ndi chachisanu chomwe. Lero ndamva kuti munali ku Solo, maola atatu pabasi, kuyambira Lachiwiri. Basiyo munaiona ndi maso anu, kondakitala anakuitanani.

Achemwali anu akuti kalata yawo simunailandire, ndikumvereni chisoni. Ndayesa. Koma zoti pa tsiku la ukwati mkwatibwi amafuna mkwati, zimafunika kalata? Munaganiza za nkhope ya bambo anga, za nkhope yanu, za dzimbiri. Poyamba munafuna kunditumizira chitsulo m'malo mwanu. Kenaka munapita kukafuna chitsulo m'malo mwa ine. Ndakwiya, a Darmaji, ndipo sindikufuna kuti mkwiyo umenewu undithere msanga, chifukwa ndi umene ukundiimiritsa.

Mphete yanu ndapereka kwa achemwali anu. Akuluakulu asavutike kuwerengera tsiku lina.

Keris mubwere nayo, amayi anu akuifuna. Bambo akuti chimake asema ndithu, poti analonjeza kwa a Sarkam. Mukafika muwapeza pakhonde, amakhala pomwepo tsiku lonse. M'nyumba musalowe, ndipo musandiitane.

Lasmini, mwana wa a Mangun